Atate Obwera ndi Mvula

Atandisankha kukaphunzira sosholoje ku yunivesite ku Lusaka, m'mudzi mwathu ku Lupande munalibe wodziwa kuti chimenechi n'chiyani. Inenso sindinkadziwa bwino. Mtima wanga unali pa unamwino, koma masamu sanandiyendere. Amene anandilozera njira iyi anali aphunzitsi athu a mbiri yakale, mayi ochokera kumpoto amene boma linawatumiza kudzagwira ntchito kuchigwa kuno. Iwo anati ndimafunsa mafunso ambiri, ndipo kuli maphunziro a anthu otero, ofufuza mmene anthu amakhalira limodzi.

Amalume anandiitana pakhonde, pajatu kwathu iwo ndi amene amakhala ndi mawu pa ana a mlongo wawo.

"Ukamaliza udzakhala ndani?" anandifunsa.

"Ndidzakhala wodziwa za anthu, amalume."

"Nanga tonsefe pano sitidziwa anthu?"

Komabe anavomera, atamva kuti omaliza maphunzirowa ena amalembedwa ntchito m'boma.

Atate kunalibe tsiku limenelo, ndipo palibe amene anadabwa. Anali wophika pa kampu ina ya alendo mkati mwa paki ya nyama zakutchire. Misewu ikauma ankanyamuka, n'kudzabwera mvula ikatseka makampu. Chilimwe chonse tinkakhala ndi amayi okha. Nkhani yanga inawapeza atate pafoni, ndipo anangoti, "Apite, bola ndi sukulu."

Chaka choyamba chinandivuta. Kuzizira kwa ku Lusaka kunkandilowa m'mafupa, ine wozolowera kutentha kwa kuchigwa. Mabuku anali onenepa, Chingerezi chake chopotana, ndipo ankakamba za mafakitale ndi mizinda ya kutali imene sindinaionepo. Anzanga a m'chipinda ankaseka Chinyanja changa chosakaniza ndi Chikunda, n'kumandifunsa ngati n'zoona kuti njovu zimagona pakhomo pathu. M'kalasi ndinkakhala kumbuyo, osatsegula pakamwa.

Zinthu zinasintha m'chaka chachiwiri, pa phunziro la mabanja. Ankatiphunzitsa mayi ena achikulire a imvi, oyankhula motsitsa mawu moti kalasi yonse inkachita kukhala chete kuti imve. Tsiku lina anajambula pabolodi mmene mitundu ina imatsatira magazi a kuchikazi, kenako anafunsa ngati alipo amene kwawo amalume ali ndi mphamvu kuposa abambo. Ndinangoona dzanja langa lili m'mwamba.

"Tiuzeni," anatero. "Nanga abambo anu amachita chiyani pakhomopo?"

"Amabwera ndi mvula," ndinayankha.

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Aphunzitsiwo sanaseke. Anandipempha kuti ndifotokoze, ndipo ndinayamba mwachibwibwi, kenako mawu anabwera okha. Ndinanena za amuna a kwathu ogwira ntchito m'makampu, ophika, operekera zakudya, oyendetsa magalimoto, operekeza alendo kukaona nyama, amene amachoka pakhomo theka la chaka. Phunziro litatha anandiimitsa pakhomo.

"Zimene mwanenazi simunaziwerenge m'buku, ndipo ine sindinazimvepo," anatero. "Nthawi ya kafukufuku wanu ikadzafika, musadzavutike kufuna mutu wina."

Kuyambira pamenepo mabuku aja anayamba kumveka. Ndikawerenga za amuna opita kumigodi n'kusiya akazi kumudzi, ndinkaona amayi anga akuwerama m'munda wa thonje.

M'chaka chomaliza ndinapita kwathu patchuthi cha Khirisimasi kukachita kafukufukuyo. Ndinakwera basi mpaka ku Chipata, kenako minibasi yotsikira ku Mfuwe. Mvula inali itayamba, chigwa chonse chili chobiriwira, ndipo amuna a m'makampu anali atabwerera m'makomo mwawo, atate nawonso.

Ndinayamba ndi azimayi. Sanavute konse. Ndinkawapeza pachitsime kapena akusenda chinangwa, ndikangoti mwaswera bwanji n'kufotokoza chimene ndadzera, ankachita kulandana mawu. Ndinkajambula mawu awo pafoni atandiloleza, n'kuwalonjeza kuti sindidzatchula dzina la munthu. Anandiuza kuti m'chilimwe iwo ndi amene amagulitsa thonje, amathamangira kuchipatala ndi mwana wodwala, amaimba zitini njovu zikalowa m'dimba. Kenako mwamuna amabwera n'kumafuna kuti azifunsidwa chilichonse, ngakhale kupha nkhuku. Mayi wina wa nthabwala anati, "M'chilimwe ndimakhala bambo. Mvula ikagwa ndimavula ubambowo n'kuupinda bwinobwino, kudikira chaka chamawa."

Amuna ndiwo anandithawa. Wina anati ali ndi malungo, chonsecho ndinamuona akupalasa njinga madzulo ake. Wina anandifunsa ngati andituma ndi eni makampu. Masiku ankapita, ine ndili ndi mbali imodzi yokha ya nkhani. Ndinadandaula kwa atate tikudya.

"Mwamuna sangauze mwana wa mnzake za m'nyumba mwake," anatero.

"Nanga inuyo atate, simungandiuze?"

Anandiyang'ana, n'kupitiriza kudya. Amayi anasintha nkhani.

Ine ndi atate sitinkachezerana. Sanali aukali, sanandimenyepo, koma ndinkawalemekeza ngati mlendo wofunika: kuwapatsa madzi, kugwada, kuyankha zimene afunsa, basi. Choncho sindinayembekezere kanthu. Koma m'mawa wina tikupalira chimanga awiriwiri, amayi atapita kumaliro kumudzi wina, anaimika khasu n'kunena kuti, "Yatsa kafoni kako kaja."

Tinakhala pachulu m'mphepete mwa munda. Mafunso amene ndinakonza ndi aphunzitsi anga onse anandithawa m'mutu. Ndinangoti, "Mumamva bwanji mukabwera kunyumba?"

Anachotsa matope kukhasu ndi kamtengo.

"Masiku oyamba sindidziwa pamene chilichonse chimakhala," anayamba motero. "Ndimafuna nkhwangwa, ndimachita kufunsa mwana. Ndimapeza mbuzi yagulitsidwa, denga lafoleredwa, mlandu wa malire watha. Zonse zili bwino, amayi ako ndi munthu wanzeru. Koma ukapeza zonse zili bwino popanda iwe, umadzifunsa kuti ndiye ine ndabwera kudzatani. Mwina n'chifukwa chake anzanga ena amayamba kukalipa pa zinthu zazing'ono. Amafuna amveke kuti alipo."

Kenako anandiuza za chaka chimene ndinayamba kuyenda. Ananyamuka ine ndikukwawa, pobwera anandipeza ndikuthamanga pabwalo. Anagwada n'kutambasula manja, ine ndinakuwa n'kukabisala kumbuyo kwa amayi.

"Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo," anatero. "Kenako ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinakhalako kanthawi."

Sindinathe kuwayang'ana kumaso. Ndinkangoyang'ana foni ija ili pabondo panga.

Anandiuzanso za ntchito yawo, imene sindinawafunsepo chibadwire. Kukampu kulibe uvuni wamagetsi. Amakumba dzenje, n'kuikamo makala, chitini cha ufa wokanda pamwamba pake, lata ndi makala ena pamwamba, buledi n'kutuluka wofewa ngati wa m'sitolo. Anaphikira alendo ambirimbiri makeke okondwerera tsiku lobadwa, ena mpaka ankalowa kukhitchini kudzawajambula.

"Koma ana anga sanalawepo chophika ine," anatero.

"Chifukwa chiyani, atate?"

"Ndikalowa m'khitchini muno, anthu adzati mkazi wandidyetsa mankhwala. Amayi akonso angaganize kuti ndikunyoza kuphika kwawo."

Titamaliza anandifunsa kuti, "Nanga amayi ako anakuuza zotani?"

"Sindinganene, atate. Ndinawalonjeza. Zanunso sindikawauza."

Anaseka kwambiri, kuseka kumene sindinkakudziwa. "Ngati sukulu yakoyo imaphunzitsa kusunga pakamwa, ndiye ndi yabwino."

Mawa lake anavala malaya awo abwino n'kundiperekeza kwa anzawo mmodzimmodzi. Ankangonena kuti, "Ine ndayankhula naye kale, saulula," kenako n'kukakhala patali pansi pa mtengo kuti asamve. Amuna aja anamasuka. Ngakhale wa malungo uja anandisunga mpaka dzuwa kupendeka, akufotokoza mmene amasowera ana ake akamaona ana a alendo akusewera pakampu.

Amayi anayesetsa kundifunsa zimene atate ananena, ine ndinakana. Koma kutatsala pang'ono kuti ndibwerere kusukulu, atate anapita ku Mfuwe panjinga n'kubwera ndi ufa wa tirigu ndi yisiti. Anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, poyera, aliyense wodutsa akuona. Amayi anaima chapatali atagwira m'chiuno. Fungo litayamba kumveka, azing'ono anga anazungulira dzenjelo, ndipo anthu oyandikana nafe anayamba kubwera ndi zifukwa zosiyanasiyana, wina kudzabwereka sefa, wina kudzafunsa za mbuzi yosochera.

Atate ananyema buledi wotentha n'kupatsa amayi choyamba. Amayi anatafuna pang'onopang'ono, onse tikuwayang'ana.

"Zaka zonsezi azungu akudya zimenezi, ife tili pano?" anatero. "Mawa muphikenso, koma muwonjezere mchere."

Nditabwerera ku Lusaka ndinalemba lipoti langa ndi mtima wonse. Aphunzitsi anga analibweza lili lofiira ndi inki. Anati ndawamvera chisoni kwambiri amuna mpaka mawu a azimayi achepa, ndipo wofufuza ayenera kumva onse mofanana, ngakhale mmodzi wa iwo ali bambo ake. Zinandipweteka, koma ankanena zoona. Ndinamvetseranso mawu onse a azimayi aja, a amayi anga omwe, ndipo ndinamva zimene ndinazidumpha poyamba: kutopa kwawo, mantha a njovu ali okha ndi ana, ndiponso kunyadira kwawo kuti amatha kuyendetsa khomo. Ndinalembanso, ndipo ndinakhoza bwino.

Panopa ndimagwira ntchito yoona za umoyo wa mabanja konkuno ku Mambwe. Ntchito yake ndi ya fumbi ndi matope, kuyenda panjinga yamoto m'midzi, kumva madandaulo a ana osiya sukulu ndi a okalamba osowa owasamalira. Sizonse zimene ndimatha kukonza. Koma ndinaphunzira kusafulumira kuweruza ndisanamve wachiwiri, ndipo nthawi zambiri anthu akamvedwa amapeza okha poyambira.

Zinthu zikusinthanso kuchigwa kuno. Masiku ano makampu akulemba ntchito atsikana, ena mpaka akuyendetsa magalimoto a alendo, ndipo amuna awo ndi amene akutsala pakhomo m'chilimwe. Ndikufuna kubwerera kusukulu kuti ndikafufuze za mabanja amenewa, ndipo ndayamba kale kuwayendera. Posachedwapa ndinafika pakhomo lina ku Msoro n'kupeza bambo wachinyamata akutsuka mbale, mwana ali kumsana, chitenje atachimanga mopotoka. Atandiona anafuna kumutsitsa mwanayo mwamanyazi. Ndinamuuza kuti asavutike, amusiye agone. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pamtondo, ndipo tinayamba kucheza.