Zipsera za Che Binali

Che Binali a ku Lifuwu anabadwa ndi zinthu ziwiri: pakamwa ndi mantha. Pakamwa pawo pankadziwika mpaka ku Khombedza. Manthawo ankawadziwa ndi akazi awo okha, Abiti Salimu.

Usodzi anauyesa, nsomba zinathawa phokoso. Kumpunga ntchito imene ankaitha inali yopirikitsa mbalame basi. Ndiye boma litalimbikira katemera wa nthomba, a Masiye a zaumoyo anawapezera ntchito yowayenera: kulengeza. Tsiku la katemera ankazungulira mudzi atavala malaya a manja aatali, akukuwa: "Tulukani! Ine anandibaya ndikutafuna nzimbe, sindinasiye n'komwe kutafuna!" Amuna obisala m'mabango ankawatulutsa ndi iwo, n'kuwaseka sabata yathunthu. Kubaya kukayamba, iwo ankatanganidwa ndi kuwongola mzere mpaka otemera atalongedza. Zaka zinayi choncho, phewa lawo lili see ngati la khanda.

Chaka china a Masiye anafika pa njinga ndi uthenga. Lachinayi kubwera dokotala wa kunja, wa bungwe loyendera mayiko. Sakudzabaya ayi, akudzawerenga zipsera khomo ndi khomo, kuti adziwe ngati nthomba ikadali ndi polowera.

"Tiyambira inuyo, Che Binali, anthu aonere chitsanzo."

Madzulo ake mpunga sunatsike.

"Kabayitseni mwakachetechete ku Salima," anatero Abiti Salimu.

"Chipsera chimamera masiku atatu, mayi? Ndi bowa?"

M'mawa anazula msomali pa bwato lakutha, nauika pamoto mpaka mutu wake kufiira. Analuma chisoti, n'kudinda paphewa. Mfuu yake inadzutsa agalu a tsidya la dambo. Oyandikana nawo anauzidwa kuti ndi chinkhanira. Atadziona pa kalilole anapeza kuti chidindocho chapendama, sichikufanana ndi cha akazi awo. Anadindanso. Kenaka kachitatu. Munthu woopa singano ameneyo!

Lachinayi landirova inaima pa mtengo wa mango, mudzi wonse uli pomwepo. Che Binali anapinda malaya: matuza atatu, otupa, akuchucha. Dokotala, Mmwenye wa magalasi, anayang'ana n'kunena mawu awiri okha m'Chingerezi. A Masiye, omwe anali atanunkhiza kale nkhaniyo, anamasulira ndime yonse.

"Akuti ikuoneka ngati nthomba. Nkhanambo adula, aitumize pa ndege ku Ulaya. Inuyo mukakhala m'chisakasa kuthengo masabata atatu, zovala tiotcha. Ndipo mudzi wonse tibayanso."

Anthu anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

"Tibayidwenso chifukwa cha Binali?" anakuwa mayi wina. "Mkono wanga unatupa mwezi!"

Che Binali anawerengera mumtima. Masabata atatu kuthengo, munthu amabwerako ndi ulemu wake. Anatsala pang'ono kuivomera nthombayo. Koma ataona ana akuyamba kulira ndi amayi akutola zibuma, anaulula.

"Walahi, si nthomba. Ndi msomali."

"Kwezani mawu, Che Binali, si inu olengeza kodi?" anatero a Masiye.

"Msomali! Sindinabayitsepo ine!"

Kuseka kwake ena anakhala pansi. Amuna anayi anadzipereka okha kuwagwira, wina mwendo, wina khosi, ngati mbuzi ya pa Idi. A Masiye anatola kasingano ka nsonga ziwiri, n'kujompha phewa linalo. Che Binali anali atatsinzina, akutchula mayina onse a Mulungu amene ankawakumbukira.

"Bayani msanga, a Masiye, musandizunze!"

"Ndamaliza kalekale, bambo. Panopa ndikutsuka m'manja."

Dokotala analemba m'buku lake, anamanga mabala, napita khomo lotsatira.

Ntchito yolengeza inathera pompo. Miyezi iwiri Che Binali ankapita kumzikiti podzera kuseri kwa minda. Koma anakhala ndi moyo mpaka mano kutha, nthomba osaiona. Adzukulu akafunsa za zipsera zitatu za kumanzere, ankati ndi mano a ng'ona. Abiti Salimu ankangofunsa ali kukhitchini kuti ng'onayo anaisiya pamoto nthawi yaitali bwanji.