Thabwa la Bambo ndi Kadontho Kofiira

M'tchalitchi mwathu, pakhoma la kumbuyo kwa guwa, muli thabwa limene malemu bambo anga anajambulapo asodzi a ku Galileya. Nyengo ya Pasaka ikamayandikira, amayi a mumpingo ankalipaka mafuta ophikira kuti linyezimire. Ankachita mwa chikondi, koma fumbi ndi utsi wa makandulo zinakakamira pamafutapo, kufikira thabwalo linada bii. Akuluakulu a mpingo anapangana zolichotsa, ati palibenso chooneka. Mtima unandiwawa, pakuti bambo sanatisiyire ntchito ina ya manja awo.

Mdzukulu wanga wamkazi, amene ntchito yake ndi kujambula zithunzi zakale kuti zisungike, anadza ndi kamera yoona kuwala kumene maso athu saona. Anati kuwalako kumapyola litsiro ndi utoto, n'kukapeza makala amene wojambula anayambira.

Tinatulutsira thabwalo pakhonde. Anayamba ndi galasi latsopano la kamerayo, ndipo chithunzi chinatuluka ndi banga loyera pakati penipeni.

“Agogo, galasi ili ndi lonyada,” anatero. “Paukwati limakongoletsa anthu, koma kuwala uku limangokuunjika malo amodzi.”

Anaikapo lina lakale, lachitsulo, lokalikakalika m'mbali. Banga linachoka, koma zonse zinali mbuu ngati nkhungu.

“Ilinso lakalamba ngati ine,” ndinatero.

“Dekhani, agogo, mwayamba liti kufulumira?” Anandionetsa kadontho kofiira pagalasipo. “Kuwala uku sikugwera pamene kuwala kwa masiku onse kumagwera. Diso likakhutira, mpofunika kupotozanso galasili pang'ono mpaka pa kadonthoka.”

Anapotoza. Pamenepo bwato linatulukira, lakwathu kuno, losema pamtengo umodzi, ndi khoka lake, m'mizere ya makala ya dzanja la bambo. Wopalasa kumbuyo anali atavala kofia, imene bambo anaikwirira ndi utoto pambuyo pake. Ndinamzindikira: mnansi wathu wachisilamu, amene ankatigawira usipa, ndipo ankakhala pamtondo osagwedezeka kuti bambo amjambule.

Akuluakulu ataona chithunzicho analamula kuti thabwalo libwerere pamalo pake.

“Nanga mafuta aja?” anafunsa mtsogoleri wa amayi.

“Amayi, amenewo mukazingire chambo,” anayankha mdzukulu wanga, ndipo khonde lonse linaseka.

Thabwalo likadali lakuda, chithunzi chija chili pambali pake. Lamulungu ndimakhala pabenchi loyandikira, pamene ndimaona zonse ziwiri.