Chidede cha a Mbewe

Ndikakumbukira a Mbewe, oyandikana nafe nyumba ku Golomoti, ndimamva fungo la chidede, chakumwa cha maluwa ofiira owawasa chija, chikuwira m'chitini chakuda ndi utsi, pansi pa mtengo wa mango pomwe ankakonzera njinga za anthu, uku akuyetsemula mpaka nkhuku kubalalika pabwalo.

Nyengo yopuntha mpunga ku Bwanje anzanga ankaiyembekezera, koma ine ndinkaiopa. Fumbi la mankhusu likangondikhudza, maso ankatupa, mamina chuchuchu, thupi lonse ziwengo zoyabwa mpaka ndinkadzikanda kutuluka magazi. Bambo ankati ndi ulesi. Azakhali ankanong'ona kuti alipo wandilodza, ndipo anayamba kukamba zonditumiza kwa achibale kumapiri, kutali ndi amayi.

A Mbewe atamva, anabwera kwathu n'kupinda malaya, kuonetsa mikono yodzaza zipsera.

"Mwanayu sanalodzedwe, achimwene," anauza bambo. "Thupi lake likuyesa fumbi mdani. Langa limateronso. Musafulumire kumuchotsa."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankandithirira chidede chofiira, chofinyiramo ndimu, n'kundimanga kansalu konyowa pamphuno ndisanapite kumunda. Ankauzanso amayi kuti anyezi asamasowe mu ndiwo. Ndikachita tsinya ankaseka: "Imwa iwe, kuwawasa sikupha." Kuyabwa sikunatheretu, koma kunachepa, ndipo zonditumiza kumapiri zinazilala.

Tsiku lina masana chifuwa chinandithina, mpweya ukulira ngati wenzulo. Amayi anathamangira kwa a Mbewe kukapempha chidede.

"Ayi mayi, izi si za chitini," anatero. Anatenga njinga ya mwini yomwe anali atangoimata, nandikweza, amayi akuthamanga pambuyo, mpaka kuchipatala ku Mua. Madzulo ndinali ndikupuma bwino.

Ndili wamkulu kale, namwino wina anandifotokozera kuti m'chidede, m'mandimu ndi m'anyezi muli timichere totchedwa maflavonoidi, tomwe tingathandize kuziziritsa thupi likatupa ndi ziwengo, ngakhale sitilowa m'malo mwa mankhwala. A Mbewe anali atamwalira, dzinalo osalimva. Ndikhulupirira akanalitchula mokhota dala kuti tiseke.

Lero ndili ndi chigawo changa cholimapo mpunga ku Bwanje komweko. Mankhwala a kuchipatala amakhala m'thumba, chidede chimamera m'mphepete mwa munda, ndipo chaka chino mpunga ndapuntha ndekha.