Kabotolo Kamodzi, Ziweto Ziwiri

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhomo la tchalitchi ku Chipata. Nditangomaliza Giredi 12, a Zulu, dokotala wa ziweto amene ankaimba kwaya ndi bambo anga, anati akufuna munthu wosaopa nkhumba. Ndinanama kuti sindiopa.

Tinkayenda m'midzi ya ku Kasenengwa kufufuza chimfine cha ziweto. Ndinkavala magolovesi, kupisa kamtengo ka thonje m'mphuno mwa nkhumba kapena kukhosi kwa bakha, kukathyolera m'kabotolo ka mankhwala, kulemba nambala, n'kuika m'bokosi la ayezi lopita ku Lusaka. Lamulo linali lakuti chiweto chilichonse chikhale ndi kabotolo kake.

Koma ine ndine mwana wa aphunzitsi, ndipo kwathu pensulo inkatayidwa zala zikalephera kuigwira. Tsiku lina kwa Amai Tembo, mayi wamasiye woweta nkhumba zisanu ndi abakha, ndinatsala ndi kabotolo kamodzi, ziweto zili ziwiri. Ndinaika thonje la bakha ndi la nkhumba pamodzi, n'kulemba kuti "nkhumba". Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Patapita milungu itatu a Zulu anandiitana, nkhope itagwa. Anati kachilombo ka chimfine kali ndi tizidutswa tisanu ndi titatu tosunga mtundu wake, ndipo tizilombo tiwiri tikakumana m'thupi limodzi timasinthana tizidutswato, n'kubadwa kachilendo koopsa.

"Nkhumba ya Amai Tembo yapezeka ndi tizidutswa ta mbalame," anatero. "Akuluakulu akuti mwina khola lonse liphedwe."

Nkhumbazo ndizo zinali chuma chonse cha mayiyo. Ndinaulula zimene ndinachita.

A Zulu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Esnati, wakwatitsa bakha kwa nkhumba m'botolo. Tenga magolovesi."

Tinabwerera kumudzi kuja, ndipo ndinapepesa nditagwada. Amai Tembo anagwira okha nkhumbayo kuti ndiiyezenso. "Mwanawe, ulendo uno ulembe zoona," anatero.

Zotsatira zinaonetsa chimfine wamba cha nkhumba, ndipo khola linapulumuka. Kenako a Zulu anandionetsa pakompyuta mitengo isanu ndi itatu ya mibadwo ya kachilombo ka m'nkhumbayo, kachidutswa kalikonse ndi mtengo wake. Mitengo ina inali ndi nthambi zofanana ndithu, chifukwa tizidutswa take takhala tikuyendera limodzi mibadwomibadwo, kena kakasintha kanzake n'kutsatira. Ina inalowera kwina. "Aka makolo ake anali m'mbalame kalekale," anatero akuloza. "Aka anali mwa munthu."

Zimene ine ndinasakaniza mwaumbuli m'botolo zinali zitachitikadi kale m'matupi amoyo, kutsidya kwa nyanja, mpaka kudzafika m'mphuno mwa nkhumba ya ku Kasenengwa. Ndinachita mantha, komanso ndinazizwa.

Ntchitoyi ndikuigwirabe. Mabotolo akatha ndimabwerako chimanjamanja, osachita manyazi. Kanthu kosaoneka ndi maso kaja kamanena mbiri ya makolo ake mosanama. Amene anganame ndi ine wogwira cholembera, ndipo zophedwa zingakhale nkhumba za wina.