Injini ya a Khutu

Anthu ankawatcha a Khutu, chifukwa makanika ameneyu ankatchuna injini pongogunditsa sikuludiraiva pachitsulo, chigwiriro chake pakhutu, n'kumvetsera. Galimoto yawo yaliwiro anaisamala zaka makumi awiri. Anaikulitsira kabureta, n'kuchotsa sailensa kuti izibangula bwino. Phokoso lomwelo ndi limene linawagonthetsa.

Mpaka lero, Loweruka lililonse amailiza m'galaja n'kutsamiritsa khutu monga kale. Injiniyo imatsokomola ngati nkhalamba yachifuwa, koma iwo amangomwetulira.

"Amayi, mukuimva mmene ikuimbira?" amafunsa akazi awo mokuwa.

Mayiwo amavomera ndi mutu, kenako amalowa m'nyumba kukatseka mawindo. Mumsewu monsemo palibe amene walimba mtima kuwauza a Khutu zoona zake.