Ndinadya Pulojekiti ya Mng'ono Wanga

Kwathu tinabadwa akazi awiri. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma mng'ono wanga anapitirira mpaka anasankhidwa kupita kuyunivesite kukaphunzira uinjiniya. Tsiku limene uthengawo unafika, amayi anavina pabwalo mpaka chitenje chinamasuka, ngakhale sankadziwa kuti injiniya amagwira ntchito yanji. Nanenso sindinkadziwa. Ndinkayesa ndi munthu wokonza chigayo.

Mudzi wonse unkaganiza chimodzimodzi. Akangobwera ku holide, pakhonde pathu pankadzaza mawailesi akufa, matochi ndi mafoni ogwera m'chitsime. Mkulu wina wa mpingo anabwera ndi ambulera yothyoka. Mwanayo ankayankha mwaulemu kuti uinjiniya wake ndi wa misewu ndi milatho, ndipo anthu ankabwerera akung'ung'udza kuti, "Zaka zonsezi pasukulu, tochi yomwe ikumukanika!"

Holide ya chaka chachitatu anatulukira ndi nsapato zazikulu ngati za asilikali, chipewa cholimba chachikasu, tepi yoyezera ndi kope. Anatikhazika pansi ine ndi amayi n'kutifotokozera. Aphunzitsi awo anati aliyense asankhe malo ovuta kwawo, akumbe, atenge dothi, akaliyeze kusukulu m'chipinda chimene amachitcha labu, kenako alembe chimene chikuvuta pamalowo. Ntchitoyo dzina lake pulojekiti. Olemba bwino, kampani ina yomanga misewu idzawatenga kuti akaphunzire ntchito, ndipo ukalowa motero khomo limakhala latseguka. Iye anapatsidwa Lachiwiri la sabata yotsegulira sukulu kuti akayeze dothi lake. Akaphonya tsikulo, basi, makinawo ali ndi mzere wa anzake.

"Ndiye sukulu yonseyi akutuma dothi?" anafunsa amayi. "Bwenzi utanena, tili nalo lambiri."

Anasankha msewu wathu wopita ku Chinakanaka, umene dzinja lililonse umameza njinga zamoto. Amuna anga amadulira tiyi ku esiteti, ndiye akaweruka ankatenga piki kukamukumbira mlamu wawo. Maenje anali atatu: pa mtengo wa mango, pachigwa, ndi pafupi ndi mjigo. Dzenje lililonse ankatapamo kawiri, polekeza m'mawondo ndi polekeza pachifuwa. Odutsa sankawasiya.

"Achimwene, mwasiya tiyi mwayamba udzukulu? Wamwalira ndani pamsewu?"

"Mukapeza golide mutikumbukire!"

Ine ntchito yanga inali kuwapititsira chinangwa ndi thobwa. Nthawi imeneyo ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, pa mwana wachiwiri. Azimayi anzanga akudziwa chimene ndikufuna kunena. Ena pakati pamawafunitsa mango osapsa, ena usipa. Ine pankandifunitsa dothi. Kafungo ka nthaka yongokumbidwa kumene kankanditulutsa malovu kuposa nyama yowotcha. Kusikelo anesi anatiletsa, ndipo ndinkavomera ndi mutu pamodzi ndi anzanga onse. Koma pamaenje paja, okumbawo akayang'ana kumbali, ndinkatola kachibuma n'kuponya m'kamwa.

Dothilo mng'ono wanga analithira m'majumbo asanu ndi limodzi olimba bwino, onyezimira, amene anabwera nawo kuchokera kusukulu. Pajumbo lililonse anamata kapepala ka manambala. Anawasanjika m'kachipinda kosungira makasu. Maenje anawakwirira chifukwa mbuzi ya aneba inagweramo, ndipo iye ananyamuka kupita kwa azakhali kufupi ndi Mishoni kukakhala sabata imodzi, poti kumeneko kuli magetsi olembera pa kompyuta.

Sanatiuze kuti tisakhudze. Ankaganiza kuti munthu angatani nalo dothi.

Oyamba anali amayi. Iwo chimene anaona si dothi koma majumbo. Jumbo lopanda chiboo, lokhuthala chotero, lisunge dothi pamene nandolo wathu akufumbwa m'thumba long'ambika? Anakhuthula dothi lija mwaulemu, lina m'beseni, lina m'ndowa, lina m'lichero lakale, lina m'chidebe, lina mumphika, lina m'nkhali, osasakaniza ngakhale pang'ono. Majumbo anawachapa ndi sopo, timapepala tonse n'kupita ndi madzi. Pokhuthulapo anaona kuti lina ndi katondo wofiira bwino wopanda miyala, ndipo Lachinayi kunkabwera azimayi a mvano. Anatapako theka n'kuzira khonde. Khonde linakongola, azimayi a mvano anayamikira.

Wachiwiri ndinali ine. M'chidebe munali dothi lotuwira, losalala, la pansi pachigwa. Loterolo ngakhale kumsika simungalipeze. Silinkalumitsa mchenga, linkangosungunuka ngati chiponde. Ndinati ndingolawa. Mawa lake ndinalawanso. Kenako ndinalakwitsa, ndinauzako anzanga awiri amene tinkayendera limodzi kusikelo. Anayamba kudzandizonda tsiku lililonse, chikondi chimene sindinachionepo chikwatiwire, ndipo pobwerera aliyense ankamanga kamfundo pachitenje. Mmodzi anatengerakonso mlamu wake wa ku Milonde. Pofika Lachisanu, chidebe chinali kuoneka pansi.

Mng'ono wanga anabwera Loweruka masana, kuti Lolemba akwere minibasi. Analowa m'kachipinda muja akuimba. Nyimbo inaduka.

"Amayi! Majumbo anga ali kuti?"

"Ali bwinobwino, ndasungiramo nandolo. Dothi lako lonse lilipo, sindinataye."

"Nanga mapepala?"

"Tinyalala tija?"

Anakhala pansi pakhomo pomwepo, nsapato zausilikali zili tambalale. Anatiuza kuti popanda timapepala tija dothilo ndi dothi chabe, sangadziwe kuti ili ndi la dzenje liti, lapamwamba kapena lapansi. Anatsegula kope lake kuti mwina limuthandiza, koma mmene analembera mitundu, onse asanu ndi limodzi anali ofiirira, ena ofiirira pang'ono, ena ofiirira kwambiri. Kukumbanso maenje onse atatu kunkafuna sabata. Kenako anasuzumira m'chidebe.

"Nanga ili lapita kuti?"

Amayi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku.

"Achemwali, tsegulani pakamwa."

"Iwe, ndine mkulu wako."

"Achemwali, mwadya pulojekiti yanga?"

"Sindinali ndekha," ndinatero, ngati kuti zimenezo zichepetsa mlandu.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoyamba kulira mwakachetechete, misozi ikugwera pakope. Ndinakumbuka mmene ankawerengera pakhonde lomwelo ine ndikumuphikira, ndi mmene amayi ankanyamulira nanazi kupita nazo kumsewu kuti mwanayu asasowe sopo kusukulu. Mtima unandiwawa. Ndinamusiya alire pang'ono, poti munthu wolira samva, kenako ndinakoka beseni.

"Pukuta maso. Ili ndi la pa mango, lapamwamba."

"Mwadziwa bwanji?"

"Lili ndi kafungo ka mizu, ndipo limawawira kumapeto." Ndinatsina la m'ndowa n'kuika palilime. "Ili ndi la pa mango pomwepo koma lapansi. La m'licheroli ndi la kumjigo lapamwamba, mchenga wokhawokha, lopweteka mano, ngakhale waulere sangadye. Limene amayi azirira khonde ndi la kumjigo lapansi. Lakudali ndi lapamwamba pachigwa. Latha lija ndi lapansi pake."

Anapukuta maso n'kundifunsa, "Ndiye kuti maenje onse atatu munalawa?"

"Onse. Kawirikawiri."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola, koma mwana wasukulu sakhulupirira lilime la munthu. Anatenga dothi pang'ono pa chilichonse, n'kulinyowetsa, n'kuyamba kulipota pachikhatho kuti likhale ngati kachingwe. Akuti kusukulu anawaphunzitsa kuti dothi lomata limapoteka mpaka kuonda, lamchenga limaduka msanga. Amayi anati, "Zimenezo n'zimene unapitira kutauni? Ife timatero posankha dothi lozirira." Kenako anatsegula zithunzi za maenje zimene anajambula pafoni, n'kumafanizira chimodzichimodzi. Zonse zinagwirizana ndi zimene ndinanena. Anapumira m'mwamba, n'kulamula kuti nandolo atuluke m'majumbo.

Panatsala awiri: katondo amene theka lake linali pakhonde, ndi la m'chidebe limene linali m'mimba mwa azimayi anayi. Katondo wotsalayo anati akwanira. Amayi anadzipereka kuti akhoza kupala khonde, iye anakana. Koma la pachigwa panalibe kuchitira mwina.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, amuna anga anangovula jekete n'kutenga piki. Kunali chiperoni, kamvula kaja kosaleka, ndipo pachigwa panali poterera. Anthu ochokera kumapemphero anaima m'mbali ndi maambulera awo.

"Mwayambiranso? Golide uja munamuiwala pansi?"

Amuna anga anayankha ali m'dzenje, "Funsani mayi a kunyumbawa. Ena akazi awo amawathera ndiwo, anga amatha msewu."

Ine ndinaima pamwamba ngati kapitawo. Atafika m'chiuno, mng'ono wanga anatambasula tepi n'kunena kuti patsala pang'ono. Ndinapempha kachibuma. "Ayi, ili likadali losakanikira. Kumbani." Atafika pachifuwa anandiponyera lina. Linasungunuka palilime. "Ndi lomweli." Tepi nayo inavomera. Jumbo limenelo mng'ono wanga analimanga mfundo zitatu, n'kuliika m'chikwama chake cha zovala, chikwamacho n'kuchikhoma ndi loko. Makiyi anawamangirira m'khosi.

Patapita milungu ingapo anaimba foni. Makina a kusukulu anapeza kuti dothi lovutitsa msewu wathu ndi lomwe lija lotuwira la pansi pachigwa. Akuti likamwa madzi limafufuma, silitulutsa madziwo, ndipo chilichonse chili pamwamba pake chimatitimira.

"Zimenezo ukanangondifunsa," ndinatero. "Linandimanga m'mimba masiku anayi."

Nkhaniyo inafika kusikelo ine ndisanafike. Anesi anandiimiritsa kutsogolo kwa azimayi onse, anandikalipira bwinobwino, anandiyeza n'kupeza kuti magazi ndi ochepa, ndipo anandipatsa mapiritsi. Anzanga awiri aja anakhala pabenchi maso ali pansi ngati sakundidziwa. Mapiritsiwo nditamwa, chilakolako chija chinachepa, ndipo mwana anabadwa bwino, wamwamuna, wolemera.

Mng'ono wanga kampani ija inamutenga. Anandiuza kuti patsamba lothokoza la pulojekiti yake analemba kuti akuthokoza achemwali ake chifukwa chothandiza kuzindikira mitundu ya dothi. Njira yake sanalembe. Msewu wathu sunakonzedwebe, koma tsopano njinga ikatitimira pachigwa timadziwa chifukwa chake.

Holide yotsatira anabweranso ndi majumbo ena a ntchito ya kukampani, n'kuwaika m'kachipinda komwe kaja. Nditalowa kukatenga khasu ndinaona kuti manambala sanalembenso pakapepala, analemba pajumbo penipeni ndi inki yosafufutika. Pansi pa manambalawo panali mawu akuluakulu a Chichewa, oti ngakhale wa Sitandade 7 awerenge: OSAZIRA. OSADYA.