Foloko Yopindika pa Ulendo wa ku Concession

Uthenga unandipeza Loweruka masana, ndikutsika pa thirakitala. Anabwera nawo ndi dalaivala wa lole ya feteleza: atsibweni anga, amene ankagwira ntchito pa famu ina kufupi ndi Concession, anali atagona sabata ziwiri osadzuka, ndipo ankangotchula ine. Iwowa ndiwo ananditenga ku Dedza masiku aja a Chitaganya, n'kundipezera ntchito pa famu ya fodya ku Trelawney.

Ndinali ndi njinga yamoto yakale imene ndinagula kwa mzungu wina pamene ankachoka pa famupo. Pa komboni ankaitcha mudhudhudhu, monga amanenera Mashona. Sindinadye n'komwe. Mkazi wanga ankandithamangira ndi jekete ine nditailiza kale.

Msewu unali wa mizere iwiri ya phula, pakati pali dothi. Ndisanapite kutali, lole ina inatulukira pa kona itatenga mizere yonse iwiri, osafuna kupatuka. Ndinakhotera kumanzere, tayala linalowa mumchenga, ndipo ndinakagwera m'ngalande, njinga n'kukawomba chitsa. Ine ndinangosupuka bondo ndi chigongono. Koma nditaidzutsa, handulo inkaloza kutsogolo, tayala likuyang'ana kumbali. Paipi imodzi ya foloko yogwira tayala lakutsogolo inali itapindikira m'mbuyo, oyilo akuchucha.

Ndinaikankha kubwerera ku famu, n'kufika dzuwa likulowa.

Makaniko wathu anali mdala wina wa ku Tete, munthu wosapupuluma pa chilichonse, ngakhale polankhula. Anagwira folokoyo, n'kuisisita ngati akupima mwendo wa ng'ombe.

"Iwongoka. Koma mawa, ndikachoka ku mapemphero."

"Bambo, munthu akufa uko!"

"Ndamva. Mumdima sindiona chitsulo."

M'mawa wa Lamulungu ndinali kale pa shedi. Ndinachotsa tayala, ndinamasula mabawuti, ndinasolola paipi, n'kukhuthula sipuling'i ndi oyilo wotsala. Kenako ndinalibenso chochita. Nyimbo za ku mapemphero awo zinkamveka pansi pa mtengo kuseri kwa mabalani a fodya, ikatha ina n'kuyamba ina. Ndinapita kumsewu kukaona ngati kungadutse galimoto yoti inditenge. Ndinabwerera. Ndinapitanso.

Makaniko aja atafika anavula jekete yawo ya kutchalitchi, n'kuipinda bwinobwino. Anatenga galasi la windo lakale, analigoneka pa tebulo, n'kumagubuduza paipi ija pamwamba pake. Inkayenda modumphadumpha. Anawerama, diso limodzi atatsinzina, n'kulemba ndi choko pamene panali linunda.

"Bwanji tingoiwotcha pamoto, tiimenye ndi hamala?" ndinafunsa.

"Moto umafewetsa chitsulo. Pa dzenje loyamba idzakuthyokera, tidzakatole iwe."

Anasema timatabwa titatu, n'kutikumba mipata yokwana paipi. Tiwiri anaika pansi motalikirana, paipi pamwamba pake, linunda likuyang'ana kumwamba. Kachitatu anaika pa choko paja, n'kukhazikapo jeke, mutu wa jekeyo ukukankha chitsulo cha pansi pa ngolo yodzaza ndi nkhuni za ku mabalani. Ine anandipatsa chogwirira.

"Kawiri basi. Ukatero masula."

Ndinapopa kawiri, n'kumasula. Anaitulutsa, anaigubuduza pa galasi, analemba choko, anaibwezera. Kawiri basi. Tinachita zimenezo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, dzuwa likukwera, ine ndikuona ngati palibe chikusintha. Ulendo wina atatembenuka kuti ayatse fodya, ndinawonjezera katatu mwamsangamsanga.

Ataigubuduza, inadumpha ngati poyamba, koma tsopano linunda linali mbali inayo. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma anangofufuta choko chakale ndi chala, n'kulemba china.

"Pita ukatsuke bondo lakolo. Jeke ndigwira ndekha."

Ndinakhala pa thanki ya madzi ndikumva manyazi. Panatha ola lina lathunthu. Pomaliza anandiitana, n'kukankha paipi ndi chala chimodzi. Inayenda pa galasi mpaka kumapeto osadumpha. Anaiunika padzuwa kufuna ming'alu, sanaipeze. Tinamanga zonse, tinathira oyilo, ndipo ndisanakwere anagwira handulo.

"Uyende ngati wanyamula mazira. Paipi imeneyi yapindidwa kawiri."

Ndinayenda pang'onopang'ono, mtima uli patsogolo, maso ali pa foloko. Ku Concession ndinafika chakumadzulo.

Atsibweni ndinawapeza ali moyo, atawakhazika pa mphasa pakhomo, ataonda kwambiri. Pambali pawo panali mtsikana wamkulu ndithu amene sindinamuonepo.

"Wachedwa, mphwanga," anatero. Anaona bandeji pa bondo langa, kenako analoza mtsikana uja. "Uyu ndi mwana wanga. Mayi ake anali Mshona, anamwalira. Kwathu sadziwa kuti alipo, ndinkaopa mlongo wanga. Udzapite naye ku Dedza akamuone, adziwe kumene bambo ake anachokera."

Ndinavomera. Mtsikanayo anandipatsa moni m'Chishona, ine ndinayankha m'Chichewa, ndipo atsibweni anaseka mpaka kutsokomola.

Anamwalira Lachinayi sabata yomweyo. Fodya atatha kugulitsidwa ndinapempha tchuthi, ndipo ine, mkazi wanga ndi msuweni wangayo tinakwera basi ya ku Nyasaland. Amayi atamuona akutsika, anayamba kulira tisanawauze kuti ndi ndani.